Ampu Yanga Itadzozedwa Mafuta

Ampu ija, bokosi lokuzira mawu a gitala ya besi, ndinaigula ku Doornfontein, Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kuzizira kwa ku Joni kuja kolowa mpaka m'mano. Anandigulitsa ndi bambo wina wa ku Zambia amene ankakonza mawailesi ndi masipika m'kachipinda kena pakati pa sitolo ya nsalu ndi ya mapoto. Inali yakale, yakuda, m'makona monyotsoka, chogwirira chake chomanga ndi waya. Kulemera kwake ngati thumba la simenti. Koma nditalumikiza gitala yanga n'kukhudza nsambo yaikulu ija kamodzi kokha, zitini za pashelefu zinanjenjemera, ine mtima unangoti myaa. Ndinadziwa kuti sindibwerera ku Randburg chimanjamanja.

Ine besi sindinaiyambire kuno ayi. Kwathu ku Ntcheu ndinkaimba babatoni, chigitala cha nsambo imodzi chija, chachikopa cha ng'ombe, nsambo yake waya wa m'tayala. Botolo kudzanja ili, kamtengo kudzanja ili, anthu n'kumavina mpaka fumbi koboo. Nkhope ndilibe, sukulu ndinalekezera panjira, ndiye paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nditafika ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga panyumba ya azungu ena ku Randburg, n'kundipatsa kachipinda ka kuseri kwa galaja. Munthu wa imvi zako, wa ana ako atatu kumudzi, koma dzina lako ndi gadeniboyi. Mkazi wanga anapeza ya m'nyumba ku Sandton, yogonera komweko, moti tinkaonana Lamulungu lokha kutchalitchi.

Gitala ndinali nayo kale, koma zaka ziwiri ndinkaiimba youma. Besi yopanda ampu imangonong'ona. Ndinkagunditsa mutu wake pachitseko cha wadiropu kuti thabwalo lindithandize kumva zimene zala zanga zikuchita. Kutchalitchi ankandilumikiza m'bokosi limodzi ndi kiyibodi ndi maiki a kwaya, ndipo zotuluka mmenemo zinali phala lokhalokha. Ukanatha kuimba nyimbo ya maliro anzako akuimba ya ukwati, palibe akanadziwa.

Tsiku logula lija ndinangofikira kupotokola timabatani tonse ta kutsogolo kwa ampu, kumanja, mpaka tinakana. Bambo wa ku Zambia uja anandimenya padzanja.

"Imwe a Malawi vuto yanu ni imodzi chabe," anatero. "Mukaona batani mufuna muifikitse kumapeto. Manje nkhalani pansi, mudala, nikuphunzitseni."

Ndinakhala pa kireti ya zakumwa. Timabatani tinalipo tisanu. Koyamba, ka geni, anati ndi khomo lolowera mawu a gitala. Ukalitsegula mopitirira, kanyali kofiira kali pambali pake kamayamba kuphethira, ndipo kakaphethira ndiye kuti sipika ikumva kuwawa. Kenaka titatu tokometsera mawu: ka besi kowonjezera kulemera, ka midi kochititsa kuti noti iliyonse imveke payokha, ndi ka tirebo kotulutsa kuthwa, kaphokoso ka zala pansambo. Komaliza ka voliyumu. Titatu tokometsera tija anatiika pakatikati, n'kundiuza kuti ndiimbe.

"Ngati simunakondwe nayo, osawonjezera. Chotsani. Yachuluka besi? Osakweza tirebo kuti zilingane, tsitsani besi yomweyo. Ndiwo zikachuluka mchere simuthiramo shuga."

Anandiuzanso kuti mawu abwino sakhala m'timabatani mokha. Ukakhudza nsambo chakumtunda, pafupi ndi khosi la gitala, amatuluka onenepa. Ukakhudza chakumunsi amatuluka ouma. Ndipo chipinda chilichonse chili ndi khalidwe lake, zimene zakoma muno zikakunyenga kwina. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, makasitomala ake akubwerera pakhomo. Potsazikana anaisisita ampu ija pamwamba.

"Iyi ni nkhalamba, mudala, koma mukaisunga bwino muzafa muisiya. Kumbukani, ni ya besi chabe. Maiki iyayi, kiyibodi iyayi."

Ku Randburg ndinaphunzira china: besi silemekeza khoma. Tsiku loyamba lomwe galu wa abwana anayamba kuuwa, adona n'kutulukira pakhomo la kukhitchini atagwira kumutu, akuti mawindo akunjenjemera. Ndinapepesa. Kuyambira pamenepo ndinkaimba Lachinayi masana okha, adona akapita kokonzetsa tsitsi. Ampu ndinkaiika pa bulangete lopinda kuti pansi pasatenge mawu. M'timaola timeneto ndinkafunafuna mawu amene ndinali nawo m'mutu kuyambira masiku a babatoni, onenepa koma osalobodoka, oti munthu awamve pachifuwa koma athenso kuwatsatira ndi khutu. Ndinkasuntha kabatani pang'ono, muyeso wa chikhadabo, kumvetsera, kubweza, kusunthanso kena. Galimoto ya adona ikamveka pageti ndinkathimitsa n'kuthamangira paipi yothirira.

Tchalitchi chathu chinali ku Doornfontein komweko, m'nyumba ina imene kale inali fakitale yosoka zovala. Nsanjika yachitatu, masitepe okhaokha, chikepe chinafa kalekale. Pansi simenti, makoma simenti, mawindo aakuluakulu a magalasi. Chipinda chotero chimameza besi n'kuilavula kawiri. Lamulungu loyamba ndinaika ampu pakona, ndipo inkangoti wuu, wuu, osamveka mutu wake. Sabata yotsatira ndinalawirira anthu asanabwere. Ndinaichotsa pakona n'kuikweza pa makireti awiri. Besi ndinatsitsa kufika kunsi kwa theka, midi ndinakweza pang'ono, tirebo yongonunkhiza. Ndinalumikiza chingwe chachitali n'kumayenda chipinda chonse ndikuimba, kumbuyo, pakhomo, kumbali yokhala amayi, kumva mmene ikufikira. Nditakhutira ndinatulutsa kachitini ka penti yoyera yotsala pa mpanda wa abwana, ndipo ndi kamtengo ka machesi ndinaika kadontho pamene kabatani kalikonse kayenera kuloza.

Tsiku limenelo kwaya itayamba, ine n'kulowa pansi pawo, amayi a kutsogolo anatembenuka. Wang'oma anandiyang'ana n'kumwetulira, manja ake amene ankathamanga masiku onse anakhazikika. Anthu anavina mosiyana, mapazi akutera pamodzi. Titaweruka mayi wina wachikulire anandigwira dzanja nati, "Lero ndiye chigitala chanu chalankhula Chichewa." Mkazi wanga anangoti, "Musatukumuke nazo," koma ankaseka, ndipo anandinyamulira gitala mpaka pa renki ya matakisi. Sindibisa, zaka zonse ndakhala ku Joni palibe tsiku lina limene ndinadzimva kuti ndine munthu ngati limenelo. Masiku asanu ndi limodzi umagwada m'maluwa a eni, palibe wokufunsa maganizo. Koma tsiku limodzi anthu odzaza chipinda ankaponda pamene ine ndawauza kuti aponde.

Inali miyezi yokoma. Pa nyimbo za chisoni ndinkakhudza nsambo ndi mnofu wa chala chachikulu, mofatsa, ampu n'kumang'ung'udza pansi pa mawu a amayi. Pa makolasi othamanga ndinkatsikira kumunsi kwa nsambo, noti iliyonse n'kumatuluka yokhayokha. Timabatani sindinkatigwiranso. Tinali pa madontho ake, zotsalazo zinali za zala.

Vuto linali kunyamula. Kuchoka ku Randburg kukwera takisi, dalaivala akukalipa m'Chizulu kuti chibokosi chadya malo a munthu, kutsika m'tauni, kuyenda wapansi ampu ili paphewa, kenaka masitepe aja. Pobwerera chimodzimodzi. Patatha miyezi ingapo msana unayamba kundiuza zoona. Amene anandimvera chisoni ndi mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito m'migodi kalekale. Ndi amene ankasunga makiyi onse a tchalitchi, atawakoleka pa lamba.

"Achimwene, mudzipha nacho chinthu ichi," anatero tsiku lina atandipeza ndikupumira pamasitepe. "Tili ndi kabati yokhoma umu. Muziisiya, muziipeza Lamulungu."

Ndinaganizira za Lachinayi langa, ndinaganiziranso za msana. Msana unapambana. Paja pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinathokoza n'kuisiya.

Patapita masabata angapo mpingo unagula ng'oma zatsopano ndi maiki awiri, ndipo analengeza kuti Lamulungu likudzalo kudzakhala kupatula zida. Ku mpingo kwathu chinthu chatsopano sichigwira ntchito chisanapemphereredwe. Amachiika kutsogolo, abusa amachidzoza mafuta, ndipo kuyambira pamenepo ndi cha Mulungu, sichitulukanso kukagwira za dziko. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Chimene mutu wangawu sunaganize n'chakuti ampu yanga imakhala kutsogolo komweko, pa makireti ake, mogundana ndi ng'oma.

Abusa anayamba ndi ng'oma, kudzoza iliyonse ndi chala. Anapita pa maiki. Anthu onse ali chitsinzinire, manja m'mwamba, ena akulankhula malilime. Ine maso anga anali otsegula, chifukwa ndinaona kumene nsapato za abusa zikulowera. Anaima pa ampu yanga. Anathira mafuta pachala, nalemba mtanda pamwamba pake, nasanjikapo dzanja lonse.

"Zonse zili kutsogolo kunozi, kuyambira lero si za munthu!" anafuula. "Dzanja lozitulutsa m'nyumba muno kukasangalatsa dziko lidzaona zakuda!"

"Ameni!" mpingo wonse unayankha.

Ndipo ine, mwana wa mayi anga, gitala ili m'khosi, ndinati ameni. Ndikanatani? Munthu wamkulu akupemphera, anthu ali mu mzimu, iwe n'kukweza chala kuti pepani abusa, iyo ndi yanga? Sitinaleredwe choncho. Ndinadziuza kuti tikaweruka ndikafotokoza kwa mkulu wa mpingo, pambali, mwaulemu, ndipo zikatha bwino.

Sanandipatse mpata. Nthawi ya zolengeza bambo aja anaimirira, makiyi akulira m'chiuno, nati mpingo uthokoze mbale wathu woimba besi, munthu wa ntchito yonyozeka koma wa mtima waukulu, amene wapereka ampu yake ku nyumba ya Mulungu. Anandiimiritsa. Amayi analiza nthungululu. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali, ine ndili chiimire, mano ali pamtunda ngati mutu wa mbuzi yowaula. Mkazi wanga, kumbali ya amayi, anandiponyera diso limene ndimalidziwa. Panjira anangoti, "Manyazi anapha lambe, bambo."

Sabata yonse ndikuthirira maluwa ndinkakonza mawu oti ndikanene. Ndinawasanja bwino, oyamba ndi omaliza, opanda mwano. Lamulungu litafika abusa anandiika mu ulaliki. Anati ena muno muli ndi magalimoto koma dzanja lanu ndi louma, taonani wosauka uyu wapereka chimene amachikonda koposa. Anthu anatembenukira kwa ine n'kumagwedeza mitu. Mawu anga aja ndinawameza onse, ndinabwerera nawo ku Randburg.

Chinthu cha Mulungu ndi cha aliyense, zimenezo ndinaziphunzira msanga. Lachitatu wakiyibodi ankalumikizamo kiyibodi yake pokonzekera nyimbo. Lachinayi amayi ankalumikizamo maiki pa msonkhano wawo. Lachisanu a mapemphero a machiritso. Ndikafika Lamulungu ndinkapeza ampu ili pansi pakona, makireti akhalira anthu, timabatani tonse tapotokoledwa mpaka kumapeto. Ife akwathu timapemphera ngati Mulungu ndi gonthi. Ndinayesa kumata timabatani ndi tepi yakuda ya magetsi, anamatula. Ndinalemba pepala kuti chonde musagwire, iyi ndi ya besi yokha; ndinalipeza kuseri kwake wina atalembapo ndandanda ya nyimbo. Wakiyibodi anachita kundifunsa kuti ndayamba liti kulamulira katundu wa Mulungu. Ndinkangobweza kabatani kalikonse pa dontho lake, ndikutukwana chamumtima m'nyumba yopatulika.

Ngakhale mkati mwa nyimbo sankandisiya. Mkulu wa mpingo uja ankabwera chovina, n'kupotokola voliyumu ndi geni nthawi imodzi. Kanyali kofiira n'kuyamba kuphethira.

"Abambo, mupha sipika."

"Kwezani, achimwene! Anthu a mumsewu amve kuti muno muli Mulungu."

"Akumva kale, abambo. Koma chimene akumva ndi phokoso."

"Ife kumgodi tinkagwira ndi makina olira kuposa apa, sanafe ayi." Ankaseka n'kundisisita paphewa. Makutu awo anatsala kumgodi komweko, koma ndani akanawauza?

Ndiye kunabwera ukwati. Bambo wa ku Zambia uja ankakwatitsa mwana wa mlongo wake, ndipo gulu limene analipeza loti likaimbe linalibe wa besi. Anandiimbira foni ine. Ukwati wa masana, mu holo, Loweruka. Kwa nthawi yoyamba anthu ena, osakhala a mpingo wanga, akanamva mawu amene ndinawavutikira aja, ndipo mphunzitsi wanga akanamva kuti sanataye tsiku lake pachabe. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukapempha kuti anditsegulire kabati.

"Kumeneko kukakhala mowa?" anafunsa.

"Ndi ukwati, abambo. Zimene akonza eni ake sindikuzidziwa."

"Ndiye kuti ukakhalako." Anapukusa mutu. "Chodzozedwa sichipita kumeneko."

"Abambo, ampu ija ndi yanga. Ndinangoisungitsa chifukwa cha msana. Munandiuza ndinu."

Anandiyang'ana ngati ndavula pagulu. "Yanu? Si inu munaimirira pano anthu akukuomberani m'manja? Anakutsekani pakamwa ndani? Munthu satola chimene waponya m'mbale ya chopereka, achimwene. Musadziitanire tsoka kudziko la eni kuno."

Ndinapita kwa abusa. Anandimvetsera, maso ali pafoni, nati nkhani yotere ndi yofunika kuipempherera. Mpaka lero akuipempherera. Ku ukwati kuja sindinapite. Ndinachita manyazi kuuza munthu amene anandiphunzitsa kuti ampu ija ndinaluza ndi ameni mmodzi, ndiye ndinamunamiza kuti abwana andikaniza. Anapeza wina.

Mtima unandiwawa kwambiri moti ndinaganiza zongoinyamula tsiku lina tikaweruka, wofuna kundigwira andigwire, tchalitchicho ndichisiye. Ndinauza mkazi wanga tili pa renki. Anaika chikwama pansi.

"Mukasiya mpingo, mukafa kuno adzakunyamulani ndani? Ampu? Mwaona ndi maso anu anthu akukwiriridwa kuno opanda wowalira chifukwa analibe gulu. Mpingo uwu ndi umene umatumiza maliro kumudzi. Ine sindikufuna kugona m'dothi la eni chifukwa cha chibokosi chanu."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka. Kuno munthu supita kutchalitchi chifukwa cha kumwamba kokha. Umapitanso kuti tsiku lako likadzafika, thupi lidzawoloke malire likagone kwanu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinakhala. Lamulungu lililonse ndinkabweza timabatani pa madontho, n'kuimba, n'kuisiya m'manja mwa eni ake atsopano. Lachinayi ku Randburg ndinabwerera ku chitseko cha wadiropu.

M'mwezi wa Novembala mpingo unakonza msonkhano wa panja, wokopa anthu, pamalo oimika magalimoto kuseri kwa masitolo oodetsa katundu. Linali Loweruka, ndipo ine sindinapite chifukwa kwa abwana kunkabwera alendo, kapinga ankafunika kumeta. Ndinamva pambuyo pake kuti anatsitsa ampu masitepe onse aja, nalumikizamo maiki ya mlaliki ndi kiyibodi nthawi imodzi kudzera m'kabokosi kena, magetsi a jenereta, padzuwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mlalikiyo anali mlendo, wa mawu amphamvu, wokonda kukuwa maiki ili m'kamwa.

M'mawa mwake ndinafika, ndinaikweza pa makireti, ndinabweza timabatani. Ndisanayatse n'komwe ndinamva fungo la waya wopsa. Ndinayatsa. Ndinakhudza nsambo yaikulu. Inangoti prrr, ngati munthu wotsegula m'mimba. Ndinatsitsa geni, chimodzimodzi. Ndinatsitsa besi mpaka pansi, chimodzimodzi. Ndinagwada n'kusuzumira m'kansalu ka kutsogolo ndi tochi ya foni. Chipepala cha sipika chinali chitang'ambika kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Ndisanadzuke kanyali kofiira kanayaka osaphethira, kenaka zonse zinathima.

Ndinalira, sindinama. Bambo wamkulu kugwada pa simenti kulirira bokosi. Wakiyibodi anati iye anaisiya ili bwinobwino. Wa jenereta anati magetsi ake analibe vuto. Mkulu wa mpingo anati satana sakondwa mizimu ikapulumuka, ndipo dzulo inapulumuka yambiri.

"Chabwino, abambo," ndinatero. "Poti ndi ya Mulungu, mpingo uikonzetse. Wokonza ndikumudziwa, ali pafupi pompa."

"Komiti ikhala pansi," anatero.

Komiti inakhala pansi mwezi wathunthu ndi masabata. Ine ndinabwezedwa m'bokosi la phala lija, limodzi ndi kiyibodi ndi kwaya. Ndinkayembekeza kuti wina adandaula, kuti wina afunsa kuti besi ija yapita kuti. Palibe. Ankavina chimodzimodzi, ankatuluka thukuta chimodzimodzi. Kenaka Lamulungu lina ndinapeza kutsogolo kuli masipika awiri atsopano, aatali ngati munthu, ndipo anawadzoza mafuta tsiku lomwelo.

Titaweruka mkulu wa mpingo anandikodola. Tinapita ku kabati. Anasankha kiyi pa lamba wawo n'kutsegula. Ampu inali pansi, pamwamba pake ataunjikapo mabuku a nyimbo ndi tsache.

"Achimwene, masipika atsopanowa akufuna malo umu. Ndiye komiti yagwirizana kuti ampu yanu ija muitenge."

"Yanga?"

"Eya. Si yanu kodi? Munabwera nayo ndinu."

"Nanga mafuta aja, abambo? Nanga dzanja lija loti lidzaona zakuda?"

Anaseka pang'ono, ngati ndanena zachibwana. "Aaa, achimwene, Mulungu atani nacho chinthu chakufa? Tengani, mwina mukapeza nacho chochita. Mpingo wakupatsani ndi mtima umodzi."

Mawu anali atadzaza m'kamwa mwanga, a miyezi yonse ija, ena otukwana. Anthu anali akupinda mipando pafupi nafe, mkazi wanga ataima pakhomo ndi chikwama, akundiyang'ana. Bambo aja anachotsa mabuku ndi tsache, napukuta fumbi ndi dzanja, nakankhira ampu kumapazi kwanga, n'kuima kudikira. Ndipo ine ndinawagwira dzanja ndi manja anga awiri, ndinawerama pang'ono monga anatiphunzitsira kwathu, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, abambo."